Kujambula mzikiti ndi utoto wa madzi: zimene wozira nyumba akudziwa kale

Mwana wa sukulu ku Mangochi akapatsidwa ntchito yojambula mzikiti ndi utoto wa madzi, dzanja lake limathamangira ku mtundu woyera. M'pomveka. Mizikiti yambiri ya kuno, kuyambira pa boma mpaka ku Namwera, ku Malindi ndi kwa Makanjira, makoma ake ngoyera, mwina ndi mzere wobiriwira m'munsi kapena m'mazenera. Ndiye mwanayo amanyowetsa burashi, kutikita kachidutswa koyera ka m'kabokosi, kupaka papepala, koma palibe chooneka. Wina amayamba wapaka thambo lonse buluu kuti khoma loyeralo aliike pamwamba pake. Chimene chimatuluka ndi chinthu chotuwa, chamatope, ndipo pepala limayamba kunyenyeka chifukwa chotikitidwa. Ambiri amagwa ulesi pamenepa, n'kumati utoto wake ngwachinyengo.

Utotowo ulibe mlandu. Uli ndi khalidwe lake basi, ndipo amene amalidziwa bwino khalidweli si anthu akutali ayi. Ndi amayi ndi atsikana amene amazira nyumba ndi makonde m'midzi mwathumu, makamaka Idi kapena Khirisimasi ikayandikira. Mwana amene anaonererapo mayi ake akuzira, kapena anagwirako yekha, theka la phunziroli ali nalo kale m'manja.

Zimene zili m'kabokosi ka utoto n'zosavuta kumvetsa. Ndi ufa wosalala kwambiri wa mtundu, wosakaniza ndi utomoni wa mtengo wa m'banja la mthethe wotchedwa gum arabic, umene wochuluka umachokera ku Sudan. Madzi ntchito yake ndi kunyamula ufawo ndi kuuyala papepala. Akauma, ufa umatsala utamamatira ndi utomoni uja, koma wopyapyala moti kuwala kumadutsa, kukagunda pepala loyera, n'kubwerera m'maso mwa woonera. Penti wa mafuta wopaka zitseko ndi maboti amaphimba chimene chili pansi pake. Utoto wa madzi suphimba. Chilichonse chimene chinaikidwa poyamba chimaonekabe, chabwino ndi choipa chomwe.

Ndipo ufa wa mitundu ingapo ndi dothi lenileni. Mtundu wachikasu chotuwira wotchedwa ochre ndi dothi. Wotchedwa sienna anautcha dzina la mzinda wa Siena ku Italy kumene ankakumba dothi lake, ndipo akaliwotcha limafiira. Kufiira kwake kumachokera ku dzimbiri la chitsulo chimene chili m'dothimo, zomwenso zimafiiritsa katondo wathu. Zithunzi zofiira ndi zoyera za m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo osungidwa ndi dziko lonse mu 2006, anazijambula ndi dothi lofiira ndi loyera. Choncho wozira ndi wojambula agwira chinthu chimodzi: dothi ndi madzi.

Taonani mmene mayi amazirira m'nyumba. Amayamba watulutsa mphasa ndi ziwiya, n'kusesa bwinobwino. Mtsiro amausakaniza ndi madzi m'beseni, wokwanira chipinda chonse, chifukwa akudziwa kuti ukamuthera pakati n'kukasakaniza wina, mitundu iwiriyo sidzafanana ndipo mzere udzaonekera pomwe anaimira. Amagwada pa ngodya ya kutali ndi khomo. Amatapa, kuyala ndi chikhatho mozungulira, kusuntha mawondo chammbuyo, kutapanso, ndipo chikhatho chachiwiri chimagwira m'mphepete mwa choyamba musanaume. Sabwerera. Ngakhale ataona kuti pakati apo patsala kachitsotso, sapondapo. Akafika pakhomo amatseka, n'kuwauza ana kuti asalowe, chifukwa phazi limodzi pa mtsiro wosauma limasiya chizindikiro chimene sichichoka mpaka atadzaziranso.

Kupaka thambo papepala n'komweko. Wophunzira asakanize buluu wake m'kambale, wochuluka kuposa amene akuganiza kuti akwanira. Thabwa limene wamatapo pepala alipendeketse pang'ono, ayambire pamwamba ndi burashi yaikulu yodzaza, kuchokera mbali ina kukafika mbali ina. M'munsi mwa mzere woyambawo mumasonkhana kamtsinje kakang'ono ka utoto. Kameneka ndi kamene sakayenera kuuma. Mzere wachiwiri ukatenge, kukatsitsa, wachitatu chimodzimodzi, ndipo akamayandikira pansi aziwonjezera timadzi m'kambale chifukwa thambo limayera likamayandikira mapiri. Akafika pansi afinye burashi pakansalu n'kuyamwitsa kamtsinje kotsalako. Kenako manja kumbuyo. Pamene ana ambiri amaonongera ntchito yabwino ndi pamenepa: amaona malo ooneka ngati sanakwane, n'kubwererapo ndi burashi yonyowa pamene utoto wayamba kuuma. Madzi atsopanowo amakankhira ufa uja kumbali, ndipo pamabadwa banga lokhala ndi m'mphepete mwakuda. Ndi phazi la mwana pa mtsiro.

Kutentha kwa Mangochi kumawonjezera vutoli. M'mwezi wa Okutobala, masana, mzere woyamba umatha kuuma burashi isanabwerere kukambale. N'chifukwa chake ntchito ya thambo ndi ya m'mawa, pamthunzi, ndipo zimathandiza kuyamba wanyowetsa malo onse a thambo ndi madzi oyera, kudikira kuti kunyezimira kuchepe pang'ono, kenako kuika utoto. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mdani ndi mwera, umene umaumitsa pepala ndi kumwazapo mchenga. Wojambula akhale pouteteza, kuseri kwa khoma kapena kwa mpanda.

Chachiwiri chimene wozira amadziwa n'chakuti mtsiro wonyowa umanama. Ukakhala m'beseni umaoneka wakuda bii, koma mawa lake pansi pamakhala pambuu. Utoto wa madzi nawo umayera ukauma. Buluu amene akuoneka wokwanira akadali wonyowa adzakhala wofooka pakatha mphindi khumi. Pambali pazikhala kachidutswa ka pepala lomwelo koyeserapo, ndipo kaziuma kaye munthu asanaweruze. Ngati mtundu wafookadi, mankhwala ake ndi amene wozira amagwiritsa ntchito: kudikira kuti paume gwa, n'kuyalaponso kachiwiri mwachangu, mopepuka, osatikita. Ntchito yonse imayenda choncho, kuchokera ku mitundu yoyera kunka ku yakuda, kuchokera ku malo aakulu kunka ku aang'ono. Kudetsa chinthu choyera n'kotheka nthawi iliyonse. Kuyeretsa chakuda ndiye nkhani ina.

Tsopano khoma loyera lija. Mayi akamazira m'khitchini sapaka mafuwa. Amawazungulira, chala chake chikutsata m'mphepete mwa mwala uliwonse, ndipo akamaliza mafuwa atatuwo amaoneka bwino kuposa kale ngakhale sanawakhudze, chifukwa pansi powazungulira pada. Mzikiti woyera umajambulidwa chimodzimodzi. Kuyera kwake ndi pepala lenilenilo. Wophunzira sapaka khoma. Amapaka thambo kumbuyo kwa nsanja, mtengo wa mango kuseri kwa denga, migwalangwa, phiri, mchenga wa pabwalo, ndipo burashi yake imaima ndendende pa mzere wa pensulo. Chimene wasiya osapaka ndicho mzikiti. Mtengo wa kumbuyo ukamada, khoma limanka liyererayerera. Ine ndimaona kuti mwana akangomvetsa chimenechi, kajambulidwe kake kamasintha tsiku lomwelo, chifukwa amasiya kuyang'ana nyumba yokha n'kuyamba kuona zonse zimene zaizungulira.

Apa pali kusiyana kumodzi kofunika. Wozira akaphonya n'kudetsa khoma, mawa apakapo laimu. Pepala lilibe laimu. Kuyera kukatayika kwatayika, ndiye malo onse oyera ayenera kudziwika burashi isananyowe. Tinthu tating'ono, monga mwezi ndi nyenyezi za pamwamba pa nsanja kapena mizere yowala ya malata, n'tovuta kutizungulira. Pamenepo kandulo yoyera imathandiza. Kuisongola ngati pensulo n'kulemba nayo pamalopo, utoto umadumpha pomwe pali phula. Koma phulalo silichoka, ndiye dzanja likhale lotsimikiza.

Komabe khoma loyera losiyidwa lonse mbee limaoneka ngati dzenje papepala. Chimene chimalipatsa thupi ndi mthunzi. Ana ambiri mthunzi amaupaka ndi mtundu wakuda wosungunula, ndipo chithunzi chimafa pomwepo. Pitani mukaime pafupi ndi khoma lopakidwa laimu cha m'ma 9 koloko m'mawa, muyang'anitsitse mbali imene dzuwa silikuwomba. Si yakuda. M'mwamba, pansi pa denga, imakhala yabuluu wopita ku pepo, chifukwa kuwala kumene ikulandira kukuchokera kuthambo. Chakumunsi imatenthera, imakhala yachikasu pang'ono, chifukwa mchenga wa pabwalo ukubwezera dzuwa pakhomapo. Wojambula wina wa ku America, John Singer Sargent, anajambula kanyumba koyera pa chilumba cha Corfu mu 1909, ndipo pafupifupi chithunzi chonsecho ndi mithunzi ya nthambi pakhoma, yabuluu, yapepo ndi yofiirira. Chili ku Museum of Fine Arts ku Boston, ndipo aphunzitsi amene ali ndi foni ya intaneti angachite bwino kuwaonetsa ana awo. Mthunzi wotere umapangidwa ndi buluu wothira kadontho ka mtundu wofiira kapena wa katondo, madzi ambiri, kupaka kamodzi. Ukadali wonyowa, kukhudzitsa nsonga ya burashi ya chikasu m'munsi mwake, n'kuusiya usakanikire wokha.

Mzikiti uli ndi ubwino umene nyumba zina zilibe: munthu atha kudziwiratu kumene mthunzi ukagwere asanafike n'komwe. Mzikiti uliwonse umamangidwa moyang'ana ku chibula, ku Makkah, ndipo kuchokera ku Mangochi kumeneko ndi kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kummawa. Khoma la kumpotolo limadziwika ngakhale uli panja, chifukwa pakati pake pamakhala kachipinda kotulukira kunja, mihrab, momwe imamu amaima potsogolera swala. Mangochi ali pa madigiri pafupifupi 14 ndi theka kummwera kwa ikweta, choncho dzuwa la masana limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi cha pakati pa Febuluwale. Kuchokera mu Febuluwale mpaka mu Okutobala limadzera kumpoto, ndipo m'miyezi yozizira khoma la mihrab ndilo limawala masana, la kummwera lili mumthunzi. Mu Disembala ndi Januwale zimatembenuka. Khoma la kummawa limawala m'mawa, la kumadzulo dzuwa likapendeka. Malo abwino okhala ndi pangodya, pomwe makoma awiri akuoneka, lina lowala lina lamthunzi. Ndipo mithunzi yonse ailembe ndi pensulo pa nthawi imodzi, chifukwa pakatha ola imakhala itasuntha, ndipo chithunzi chokhala ndi mthunzi wa 8 koloko pansanja ndi wa 11 koloko pakhonde chimasokoneza maso ngakhale a munthu amene sangafotokoze chalakwika.

Za pensulo sindichulukitsa. Ikhale yopepuka, chifukwa utoto subisa mzere wozama, ndipo kufufuta kwambiri kumakanda pepala moti utoto umadzagwira mwa mawangamawanga. Kutalika kwa nsanja kuyezedwe poyerekeza ndi khoma: kutambasula mkono, pensulo ili chilili, diso limodzi lotsinzina, kuwerenga kuti khoma likulowa kangati m'nsanjayo. Pafupifupi mwana aliyense amaitalikitsa kuposa mmene ilili. Mizere ya denga ndi ya mazenera imene ili pamwamba pa maso a wojambula imatsika ikamapita kutali, ya pansi imakwera. Chidenga chozungulira chimafuna mthunzi wosungunuka pang'onopang'ono, ndiye m'mphepete mwa mthunziwo azifewetsa ndi burashi yonyowa ndi madzi okha usanaume. Mazenera, zitseko ndi mkati mwa khonde ndiwo malo akuda kwambiri, ndipo amabwera komalizira, monga nkhulungo imabwera mtsiro utagwira.

Koma mzikiti wake uti? Apa ndili ndi dandaulo. Ana ambiri amatsegula foni n'kukopera nyumba ya kutali ya nsanja zinayi ndi madenga ozungulira ambirimbiri. Ena amajambula Taj Mahal ya ku Agra, ku India, imene nyumba yake yaikuluyo ndi manda amene mfumu Shah Jahan inamangira mkazi wake. Pamene boma la Mangochi, malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo oposa 70 mwa 100 alionse ndi Asilamu. Mwana sangayende mtunda wautali osapeza mzikiti. Chisilamu chinakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, pamene mafumu a Chiyawo monga Makanjira ndi Mponda anachilandira kudzera m'malonda awo ndi anthu a ku gombe la Kilwa ndi Zanzibar, Angerezi asanamange Fort Johnston m'mphepete mwa Shire mu 1891. Mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anayenda m'midzi kuphunzitsa, ndipo mizikiti ya nthawiyo inali ya dothi ndi udzu ngati nyumba zina zonse. Ya simenti, ya nsanja ndi madenga ozungulira, inachuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1980, mabungwe monga Africa Muslims Agency a ku Kuwait atayamba kuthandiza kumanga. Mbiri yonseyi imaoneka m'makoma. Kamzikiti ka m'mudzi ka njerwa zootcha, malata a dzimbiri, mihrab yake yotukuka kumpoto, mjigo kapena ndowa pomwe anthu amatawaza, nsapato zitandandalikana pakhomo, njinga itatsamira mlambe, kali ndi zambiri zophunzitsa diso kuposa chithunzi cha pafoni, chimene wina anasankha kale poima ndi nthawi ya dzuwa.

Kujambula mzikiti weniweni kumayamba ndi kuodira. Wophunzira, kaya ndi Msilamu kaya ndi Mkhristu, apite kwa ashehe kapena akuluakulu a pamzikitipo, makamaka ndi kalata ya aphunzitsi, afotokoze kuti ndi ntchito ya kusukulu, afunse pomwe angakhale. Avale modzilemekeza. Lachisanu masana, nthawi ya Ijumaa, si nthawi yokhala pakhomo ndi thabwa. Anthu akuswali kapena akutawaza asawajambule nkhope. M'mizikiti simuikidwa zithunzi za anthu kapena nyama, ndipo Asilamu ambiri sakondwera kujambulidwa popanda kufunsidwa. Ngati chithunzi chikufuna munthu woonetsa kukula kwa nyumbayo, kamkanjo koyera ndi mzuli chapatali, kopanda nkhope, n'kokwanira, ndipo nakonso ndi pepala losiyidwa losapaka. Malemba a Chiarabu amene ali pamwamba pa khomo afunse kaye asanawakopere. Kawirikawiri amakhala ndi dzina la Mulungu kapena mawu a m'Qur'an, ndipo pepala lokhala ndi mawu oterewa silitayidwa pansi kapena kukulungira zinthu. Wosadziwa kulemba Chiarabu angachite bwino kungoonetsa chikwangwanicho ndi mtundu wake, osayerekeza zilembo.

Vuto lenileni m'sukulu zathu zambiri ndi zipangizo, makamaka pepala. Pepala la m'kope kapena la fotokope, lolemera magalamu 80 pa sikweya mita, limakwinyika likangonyowa, ndipo utoto umathamangira m'makwinyamo. Pepala lenileni la utoto wa madzi limakhala la magalamu 300, koma silipezeka wamba ndipo ndi lodula. Pakati pake pali pepala lolimba la m'mabuku ojambulira, ngakhalenso kumbuyo kwa kalendala yakale ngati sikuli konyezimira. Lililonse mwa amenewa limachita bwino likakokedwa: kulinyowetsa mbali zonse, kuliyala pathabwa, kumata m'mphepete monse ndi tepi ya pepala yonyowetsa kapena timizere ta pepala topaka guluu, n'kulisiya liume. Pouma limakokeka n'kukhala lathyathyathya, ndipo likanyowanso ndi utoto limabwerera m'malo mwake. Burashi ziwiri n'zokwanira, yaikulu ya thambo ndi yaing'ono yosongoka. Zitini za madzi zikhalenso ziwiri, china chotsukira china cha madzi oyera osakanizira, chifukwa madzi akuda amadetsa chikasu msanga kwambiri.

Kumene kabokosi ka utoto kulibe, mitundu ya dothi ana atha kupanga okha. Katondo kapena dothi lachikasu alipere, alisungunule m'botolo la madzi, agwedeze, adikire pang'ono kuti mchenga ukhale pansi, atsanulire madzi amtunduwo m'mbale ina kudzera pakansalu, n'kuwasiya akhazikike usiku wonse. Phala losalala limene latsala pansi alisakanize ndi utomoni wa mthethe wosungunula m'madzi ofunda, ndi kadontho ka uchi kuti lisamang'ambike likauma. Makala opera amapereka mtundu wakuda. Buluu yekha ndiye wovuta. Kalekale buluu wabwino kwambiri ankachokera ku mwala wa lapis lazuli wa ku Afghanistan ndipo anali wodula koopsa, mpaka akatswiri a ku France ndi ku Germany anapeza njira yomupangira m'fakitale m'zaka za m'ma 1820. Koma chithunzi cha mzikiti cha mtundu umodzi wokha, wa katondo, woyalidwa katatu kuchokera wopepuka kufika wakuda, chimaphunzitsa zonse zimene tanenazi, ndipo ndingakonde aphunzitsi a Expressive Arts ndi Creative Arts atamayambira pamenepo asanatsegule kabokosi ka mitundu khumi ndi iwiri. Amene angathe kuwatengera ana ku Mua, ku KuNgoni Centre imene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa mu 1976, akawaonetse kuti ntchito ya burashi kuno kwathu ili ndi eni ake. Bambowo anajambula ndi utoto wa madzi zithunzi zambiri za Gule Wamkulu ndi miyambo ya m'midzi.

Chithunzi chikauma, wophunzira adule tepi ndi lezala, alembe kumbuyo ndi pensulo dzina la mudzi, tsiku ndi nthawi imene analemba mithunzi, ndipo akawaonetse akuluakulu amene anamulola kukhala pabwalo lawo asanakapereke kusukulu. Ponyamula achiike pakati pa makatoni awiri, osachipinda. Utomoni uja umasungunukanso ukakumana ndi madzi ngakhale patapita zaka, choncho nyengo ya mvula makatoniwo alowe m'jumbo ya pulasitiki, ndipo pokhoma pakhoma la kalasi apewe pafupi ndi zenera, pomwe pamafika mpemera ndi dzuwa limene limafwifwitsa mitundu yofiira ya utoto wotchipa.